Bondi Pavilion: Nyumba ya Pagombe Imene Anthu Anakana Kuitaya

Kwa zaka pafupifupi 70, kusamba m'nyanja dzuwa likuswa mtengo unali mlandu mumzinda wa Sydney, ku Australia. Lamulo limene atsamunda a ku Britain anaika m'zaka za m'ma 1830 linkaletsa munthu kulowa m'madzi pamalo oonekera kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku. Akuluakulu a nthawiyo sankada nkhawa ndi mafunde kapena nsomba zoluma anthu. Nkhawa yawo inali thupi la munthu. Ambiri ankasamba ali chibadwire, ndipo kwa atsogoleri a boma ndi a mipingo zimenezo zinali zolaula. Wofuna kuziziritsa thupi m'nyengo yotentha ya Disembala ndi Januwale ankayenera kulawirira m'bandakucha, apo ayi adikire mdima.

Kwathu kuno makolo anaithetsa nkhaniyi osaumba njerwa ngakhale imodzi: amuna dooko lawo, akazi dooko lawo, ndipo wodutsa amayamba waodira asanatulukire. Koma mzinda wa anthu miyandamiyanda osadziwana, ofika pagombe limodzi tsiku limodzi atatchena masuti, zipewa ndi madiresi okwekwa pansi, sungadalire kuodira. Lamulo lija litatha mphamvu panafunika khoma, chitseko ndi kiyi. Umu ndi mmene inabadwira Bondi Pavilion, chinyumba chachitali cha makonde chimene chayang'anizana ndi gombe la Bondi, makilomita 7 kum'mawa kwa pakati pa Sydney. Anachimanga kuti munthu avuliremo zovala masana, ndipo madzulo akwere m'mwamba kukathyola dansi. Ntchito yoyambayo inachepa, yachiwiriyo inazilala, ndipo phindu la ndalama limene omanga ankayembekezera silinaoneke bwinobwino. Nyumbayi yapulumuka chifukwa nthawi iliyonse imene wina wafuna kuisandutsa malonda a anthu ochepa, anthu a m'deralo akhala akuimirira n'kunena kuti ndi yawo.

Mkangano wa umwiniwu ndi wakale kuposa nyumbayo. Eni nthaka enieni a dera limeneli ndi Aaborijini a mafuko a Gadigal, Bidjigal ndi Birrabirragal, ndipo zithunzi za nsomba ndi zamoyo zina za m'nyanja zimene anagoba pamiyala zikuonekabe kumpoto kwa gombeli. Atsamunda sanawafunse kanthu. Mu 1809 malowa anaperekedwa kwa mzungu womanga misewu dzina lake William Roberts, ndipo mu 1851 anagulidwa ndi Edward Smith Hall pamodzi ndi mkamwini wake, Francis O'Brien. O'Brien ankalola anthu kubwera kudzacheza ndi kudzadyera pamchengapo, koma atayamba kuchuluka anaopseza kuti atseka njira. Boma linalowererapo, ndipo pa 9 Juni 1882 Bondi inakhala gombe la aliyense. Pofika 1894 sitima zapamsewu zinayamba kufika pagombe penipeni, kotero kuti wogwira ntchito m'fakitale ankatha kutsika pafupi ndi madzi atalipira timakobiri tochepa.

Lamulo loletsa kusamba masana linafa pang'onopang'ono chifukwa anthu anatopa nalo. Nkhani imene imakambidwa kwambiri ndi ya William Gocher, mkonzi wa nyuzipepala, amene mu 1902 analowa m'madzi masanasana pagombe la Manly atalengezeratu kuti atero. Pofika 1903 makhonsolo anayamba kulola kusamba masana, bola munthu avale chovala chobisa thupi kuyambira m'khosi mpaka m'mawondo. Ufuluwo unabwera ndi maliro ake. Ambiri mwa osambawo sankadziwa kusambira, ndipo nyanja ya ku Bondi ili ndi mikuluwiko ya madzi imene imakokera munthu pakati iye akuganiza kuti waima pabwino. Mu Febuluwale 1907 anyamata a m'deralo anakhazikitsa gulu lopulumutsa anthu la Bondi Surf Bathers' Life Saving Club. Chida chawo chinali chiwilo chachikulu chokulungapo chingwe. Mmodzi ankamanga lamba m'chiuno n'kusambira kulunjika kwa womirayo, anzake ali pamchenga akumasula chingwe pamwamba pa mitu yawo, kenaka onse n'kukokera kumtunda. Mmodzi mwa oyamba kuvuulidwa ku Bondi m'masiku amenewo, mu Januwale 1907, anali kamnyamata ka zaka 9 dzina lake Charles Kingsford Smith, yemwe mu 1928 anadzaulutsa ndege kuoloka nyanja ya Pacific kuchokera ku America. Bwalo la ndege la Sydney limatchedwa dzina lake.

Mu 1907 momwemo khonsolo ya Waverley, imene imayang'anira Bondi, inagwirizana ndi makhonsolo ena kuti amuna azisamba atavala chovala chokhala ngati siketi pamwamba pa kabudula. Pa 20 Okutobala 1907 amuna anatulukira pagombe atavala madiresi, mapitikoti ndi nsalu za azilongo awo, namtindi wa anthu ukufa ndi phwete. Lamulolo linathera pomwepo.

Malo ovulira oyamba, a mu 1903, anali timisasa wamba. Mu 1911 khonsolo inamanga nyumba yokulirapo ya tinsanja m'mwamba, imene anthu anaipatsa dzina loti Castle. Inali ndi malo a anthu 1,000: amuna 750, akazi 250. Manambala amenewa akuonetsa amene gombe linali lake masiku amenewo. Sinakhalitse. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, kusamba m'nyanja kunasanduka chizolowezi cha mzinda wonse, ndipo Castle inachepa. Mu 1923 khonsolo inaitanitsa akatswiri kuti apikisane polemba mapulani okonzera gombe lonse, ndi paki yake, msewu wake ndi nyumba yatsopano. Anapambana a kampani ya Robertson and Marks, ndipo amene anagwira kwambiri ntchito yojambula nyumbayo anali Leith McCredie. Mwala wa maziko unaikidwa mu Meyi 1928, Castle inagwetsedwa, ndipo pa 21 Disembala 1929 pavilion yatsopano inatsegulidwa pamaso pa chikhamu chimene ankachiyerekeza kuti chinali pakati pa anthu 160,000 ndi 200,000.

Kuti timvetse nyumbayi, tiyeni titsatire bambo amene watsika sitima Lamlungu m'mawa ndi mkazi wake. Akudutsa pa kapinga wa paki, kutsogolo kwawo kuli chinyumba chotambalala, pakati pali posanja, uku ndi uku kuli makonde aatali a nsanamira zolumikizana mokhota pamwamba, denga la matailosi a dothi lootcha, kamangidwe kotengera nyumba za m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Pakhomo alipira. Ngati alibe chovala chosambira achita lendi, pamodzi ndi thaulo ndi kakabati kokiya kosungiramo wotchi ndi chikwama. Apa banja lisiyana. M'kati muli mabwalo awiri opanda denga, lina la amuna lina la akazi, ndipo m'bwalo lililonse muli mizere ya tizipinda tating'onoting'ono tongokwana munthu mmodzi ndi benchi yake. Bamboyo avula suti, aikoleka, avala chosambira cha ubweya wa nkhosa. Chovala chimenechi chikauma chimayabwa, chikanyowa chimalemera n'kulendewera, ndipo chimatenga maola kuti chiume. Palibe amene angakwere nacho sitima kubwerera kwawo, ndipo apa ndi pamene panagona malonda onse a nyumbayi.

Akavala satulukira khomo limene analowera. Kuchokera m'bwalo lililonse munali njira yapansi pa nthaka yodutsa kunsi kwa msewu wa m'mbali mwa gombe, n'kukatulukira pa zipupa ziwiri za konkire zoloza kunyanja. Cholinga chinali chakuti wosamba asakumane ndi magalimoto, komanso kuti oyenda mumsewu asaone munthu wovala mosakwanira. Bambo uja ndi mkazi wake akakumananso pamchenga. Omanga ankati nyumbayo ingathe kuthandiza anthu 12,000. Munalinso mashopu, malo olimbitsira thupi, mabafa a madzi a m'nyanja otenthetsa, ndiponso mabafa a nthunzi a chikhalidwe cha ku Turkey, momwe munthu amakhala m'chipinda chotentha mpaka thukuta kamukamu, kenaka n'kumusisita thupi.

M'mwamba munali dziko lina. Kumeneko kunali chipinda chodyera, holo ya dansi ndi khonde loyang'ana kunyanja, malo amene ankadziwika ndi dzina loti Esplanade. Pansi nyumbayi inkalekanitsa amuna ndi akazi ndi makoma, pamwamba inkawagwiranitsa manja. Mnyamata amene masana anali ndi mchenga m'makutu ankabwerera madzulo tsitsi atalipaka mafuta, nsapato zikuwala, kudzapempha mtsikana kuti avine naye waltz kapena foxtrot, oimba akuliza malipenga, piyano ndi ng'oma patsogolo. Tisaiwale kuti kuyambira 1916 mpaka 1955 malo omwera mowa m'chigawo cha New South Wales ankatsekedwa 6 koloko madzulo, ndipo ngakhale ali otsegula, chipinda chachikulu chomwera chinali cha amuna. Wailesi yakanema kunalibe. Holo ya dansi inali amodzi mwa malo ochepa amene mnyamata ndi mtsikana osadziwana ankatha kuyandikana pagulu, makolo osaona cholakwa. Kwa mlembi wa mu ofesi kapena mtsikana wogulitsa m'sitolo, kukwera masitepe amenewo Loweruka madzulo, mphepo ya kunyanja ikulowera m'mawindo, kunali kulawako moyo umene kale unali wa eni chuma okha. Ine ndimaona kuti apa khonsolo inachita chinthu chaulemu: inamangira anthu wamba malo okongola, osati ongokwanira.

Tsoka lake nyumbayi inabadwa pa nthawi yoipa. Kutatsala miyezi iwiri kuti itsegulidwe, mu Okutobala 1929, msika wa masheya wa ku New York unagwa chagada, ndipo Australia, dziko lodalira kugulitsa ubweya ndi tirigu kunja, inakhudzidwa koopsa. Pofika 1932 pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse ofuna ntchito anali pa ulova. Anthu sanasiye kubwera ku Bondi, chifukwa mchenga ndi mafunde zinali zaulere, koma ndalama yolipira bafa la nthunzi analibe. Mabafawo anatsekedwa patangopita zaka zochepa, ndipo malowo anayamba kusinthasintha ntchito. Amene ankapeza kangachepe anali ogulitsa zinthu zotchipa, monga Stan McDonald, yemwe ankabwereketsa timatilesi ta labala topopa tokwerera mafunde, n'kumapoperanso anthu mafuta a mbalame za m'nyanja pakhungu kuti lipse bwino ndi dzuwa. Kuyambira zaka zoyambirira zomwezo, mabuku a khonsolo ankasonyeza kuti pavilion ikudya ndalama zambiri kuposa zimene ikubweretsa.

Kulondera thupi la munthu sikunathe. Kuyambira 1935 mpaka 1961 panali lamulo lofotokoza kukula kwa chovala chosambira, ndipo oyang'anira gombe anali ndi mphamvu yothamangitsa wovala moperewera. Wotchuka kwambiri anali Aub Laidlaw, amene mu 1951 anatulutsa pagombe Jean Parker, katswiri wa mafilimu wa ku America, ati chovala chake chinachepa. Nkhanizi masiku ano anthu amazikamba moseka, koma amene ankachititsidwa manyazi pagulu kawirikawiri anali akazi.

Tsiku limene a ku Bondi saliiwala ndi Lamlungu la pa 6 Febuluwale 1938, lotchedwa Black Sunday. Pagombe panali anthu pafupifupi 35,000. Chakumasana kunabwera mafunde atatu akuluakulu motsatizana, ndipo madzi pobwerera anakokolola anthu mazanamazana amene anaima pa mchenga wosaya n'kuwaponya pakuya. Mwayi unalipo wakuti anyamata ambiri a gulu lopulumutsa anthu anali pomwepo kukonzekera mpikisano wawo. Analowa m'madzi, ena ndi zingwe, ena chimanjamanja, omira akuwakakamira m'khosi ndi m'miyendo chifukwa cha mantha. Anavuula anthu pafupifupi 250, ndipo mchenga wa kutsogolo kwa pavilion unadzaza ndi anthu ogona akupopedwa madzi m'mapapo. Anthu asanu anamwalira.

Kenaka kunabwera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Usiku wa pa 31 Meyi 1942 tisitima tankhondo ta Japan toyenda pansi pa madzi tinalowa padoko la Sydney, ndipo pa 8 Juni sitima ina inaponya mabomba m'madera a kum'mawa kwa mzindawo, kuphatikizapo Bondi. Gombe linatchingidwa ndi waya waminga. Asilikali anaphulitsa zipupa ziwiri za konkire zija poopa kuti adani angakocheze pamenepo, ndipo kuphulikako kunaposa muyeso mpaka zibuma za konkire zinawononga mbali zina za pavilion ndi nyumba zoyandikana nayo. Zipupazo sizinamangidwenso. Mu 1944 chipinda cham'mwamba chinaperekedwa kwa bungwe la American Red Cross kuti chikhale malo osangalalira akuluakulu a asilikali a America, amene anali mbwee mu Sydney masiku amenewo ndi magule awo othamanga a jitterbug. Nkhondo itatha dansi inabwerera kwa eni mudzi, ndipo ndalama za pakhomo za madansi ena zinkapita kukathandiza asilikali a Australia amene anabwerera kwawo ali pamavuto. Mu 1948 nyumbayi inalandira chiphaso chogulitsira mowa. Mu Febuluwale 1954 Mfumukazi Elizabeth II inadzaonerera mpikisano wa opulumutsa anthu pagombeli, ndipo msewu wodutsa kutsogolo kwa pavilion unapatsidwa dzina loti Queen Elizabeth Drive.

Tikamanena kuti nyumbayi inali ya aliyense, tizinena mosamala. Kuyambira 1901 Australia inali ndi mfundo yotsekera kunja anthu osakhala azungu, ndipo Aaborijini ankakhala pansi pa malamulo owapondereza m'dziko lawo lomwe. "Aliyense" wa mu 1929 anali mzungu. Zinthu zinayamba kusintha nkhondo itatha, pamene Bondi inalandira Ayuda opulumuka ku chipululutso cha ku Ulaya, anthu a ku Hungary, Poland ndi Russia, kenaka ochokera ku New Zealand ndi zilumba za Pacific. Linali dera la nyumba za lendi yotsika, la anthu ogwira ntchito ndi obwera kumene, osati la anthu olemera ngati lero.

Chimene chinafooketsa pavilion si bomba. Inali nsalu ndi galimoto. M'zaka za m'ma 1950 zosambira za nayiloni zinalowa m'malo mwa zaubweya, ndipo imodzi mwa makampani otsogola pa zimenezi inali Speedo, ya ku Sydney komweko. Nayiloni ndi yopepuka, imauma msanga, munthu amatha kuivalira kunyumba m'kati mwa zovala zina. Mabanja anagula magalimoto, n'kumavulira kuseri kwa chitseko cha galimoto atadzikulunga thaulo, kapenanso kupitirira ku magombe akutali kumene sitima sinkafika. Sitima zapamsewu za ku Bondi zinasiya kuyenda mu 1960, ndipo chaka chotsatira lamulo loyeza zovala linathetsedwa. Kulipira kuti uvule kunakhala kopanda tanthauzo. M'mwambanso zinthu zinali chimodzimodzi. Wailesi yakanema inafika mu 1956, malo omwera anayamba kutseka mochedwa, ndipo achinyamata a m'ma 1960 ankafuna magitala amagetsi ndi gule wopondaponda wotchedwa stomp, amene ankavinidwa kwambiri m'maholo a magulu a opulumutsa anthu, aliyense payekha, osagwirana m'chiuno. Tizipinda tambiri tinatsekedwa, penti inasupuka, mchere wa m'nyanja unayamba kudya zitsulo za m'kati mwa konkire. Nyumba zambiri za mtundu umenewu m'magombe a dziko lapansi zinathera pamenepa, zina kugwetsedwa, zina kupsa ndi moto.

Ya ku Bondi anaiwombola ndi anthu a zisudzo. Mu 1973 kagulu ka ochita zisudzo ka m'deralo kanapempha khonsolo kuti holo ya dansi isanduke bwalo la zisudzo, ndipo mu 1974 nduna yaikulu ya dzikolo, Gough Whitlam, inadzatsegula bwalolo. Ndi Whitlam yemweyo amene boma lake linali litangothetseratu mfundo yotsekera kunja anthu osakhala azungu chaka cham'mbuyo mwake. Zaka zotsatira mizere ya tizipinda tovulira inagumulidwa pamodzi ndi zotsalira za mabafa a nthunzi. M'mabwalo muja munadzalidwa kapinga, munakonzedwa malo oonerera zisudzo panja, ndipo m'zipinda munalowa malo oumbira zadothi, ojambulira, oonetsera zithunzi ndi osungirako ana. Mu 1978 Neville Wran, mtsogoleri wa boma la New South Wales, anatsegula nyumbayi ngati malo a chikhalidwe a anthu a m'deralo. Chaka chomwecho chinayamba chikondwerero choulutsa makaiti cha Festival of the Winds, chimene chimachitikabe mwezi wa Sepitembala. Mu 1980 Rodney Monk ndi anzake anajambula chithunzi chachikulu pakhoma chosonyeza moyo wa ku Bondi, ndipo m'zaka zomwezo pansi pa nyumbayi panayalidwa chithunzi cha timiyala chimene anakonza Terry Yumbulul, mmisiri wachiaborijini wochokera kumpoto kwa dzikolo.

Zaka zimenezi sizinali zokongola m'maso. Nyumba inali yothaitha, zimbudzi zonunkha, denga lodontha. Koma ndi nthawi imeneyi pamene inakhaladi ya anthu m'njira imene omanga sanaiganizire. Gogo ankabwera kudzaumba mbale, achinyamata kudzayeserera nyimbo m'chipinda chotchipa, mayi kudzasiya mwana kwa maola awiri, osowa pokhala kudzabisala mvula pakhonde. Mpikisano wa mafilimu aafupi wa Flickerfest unapeza kwawo m'bwalo limene kale munali tizipinda tovulira. Zonsezi sizibweretsa ndalama yooneka, ndipo n'chifukwa chake wowerengera chuma akayang'ana nyumba ngati imeneyi amaona malo abwino ongowonongeka.

Maganizo amenewo anatulukira poyera mu 1987, pamene panabwera mapulani opereka nyumbayi kwa kampani kuti iikemo mashopu ndi malesitilanti apamwamba. Anthu anakana mwamphamvu, ndipo mapulaniwo anagwa m'madzi. Mu 2000, pa masewero a Olimpiki a ku Sydney, pamchenga wa kutsogolo kwake panamangidwa bwalo losakhalitsa la mipando 10,000 la mpira wamanja wa pagombe. Ena anagona pamchenga kutchinga mathirakitala, koma ulendo uno sanaphule kanthu. Bwalolo linamangidwa, masewero anachitika, kenaka linaphwasulidwa. Mu 2008 gombe la Bondi pamodzi ndi pavilion linalembedwa m'kaundula wa malo a mbiri ya dziko la Australia, zimene zinateteza makoma ake. Kaundula amateteza njerwa, koma sanena kuti m'katimo muzilowa ndani.

Funso limenelo linafika pa mwana wakana phala kumapeto kwa 2015. Khonsolo, motsogozedwa ndi meya Sally Betts, inatulutsa mapulani okonzanso nyumbayi ndi madola 38 miliyoni a ku Australia. Kunena zoona, kukonza kunkafunikadi, ndipo amene ankanena kuti nyumbayo ikugwa sankanama. Vuto linali m'kati mwa mapulaniwo. Bwalo la zisudzo linkayenera kutsitsidwa kuchoka m'mwamba, ndipo chipinda cham'mwamba pamodzi ndi khonde lake loyang'ana kunyanja zinkayenera kupita kwa amalonda pa lendi. Zipinda zoimbira ndi zoumbira zinalibe malo otsimikizika. Apa nkuti Bondi itasanduka dera la nyumba zodula zedi, ndipo anthu akale a m'deralo anali ataona kale mashopu awo ang'onoang'ono akutha limodzilimodzi. Kwa iwo khonde limenelo linali malo otsiriza pomwe munthu wopanda kanthu m'thumba ankatha kuima pamwamba n'kuyang'ana nyanja mofanana ndi mwini nyumba ya mamiliyoni.

Anakhazikitsa gulu lotchedwa Save Bondi Pavilion. Misonkhano ya khonsolo inkadzaza mpaka ena kuimirira panja. Akatswiri a mafilimu odziwika m'dzikolo, monga Michael Caton ndi Jack Thompson, anaima nawo. Koma chimene chinasintha kwambiri mphepo ndi omanga nyumba. Mu 2016 bungwe la ogwira ntchito zomangamanga la CFMEU linalengeza chiletso chimene ku Australia amachitcha green ban, kutanthauza kuti mamembala ake sadzanyamula fosholo kapena kukwera makwerero pa ntchito imeneyo kufikira anthu a m'deralo atakhutira. Njira imeneyi inayamba ku Sydney mu 1971, pamene omanga motsogozedwa ndi Jack Mundey anakana kugwira ntchito yowononga kankhalango ka Kelly's Bush, ndipo pambuyo pake anapulumutsa dera lakale la The Rocks kuti lisagwetsedwe. Mundey, amene anabadwa mu 1929 ngati pavilion yomweyo, anali nkhalamba pa nthawiyi, koma anaikirapo mawu ake kumbali ya anthuwo. Chimandikhudza n'chakuti awa ndi anthu amene akanapeza malipiro pa ntchitoyo, koma anasankha kudzimana kuti nyumba ya anthu isapite.

Nkhaniyi inakathera ku bokosi la mavoti. Pa chisankho cha makhansala cha mu Sepitembala 2017, mbali imene inkalimbikira mapulaniwo inataya ulamuliro wa khonsolo, John Wakefield anakhala meya, ndipo mapulani aja anaikidwa pambali. Anayambanso kufunsa anthu, ulendo uno mofatsa, gulu ndi gulu: oimba, oumba, ochita zisudzo, osambira, Aaborijini. Akatswiri a kampani ya Tonkin Zulaikha Greer anajambula mapulani ena. Ntchito inayamba pakati pa 2020, mliri wa Covid-19 uli m'kati, ndipo nyumbayi inatsegulidwanso mu Sepitembala 2022, meya ali Paula Masselos.

Ntchitoyo inadya madola pafupifupi 48 miliyoni, kuposa mapulani amene anthu anawakana. Otsutsa angathe kuloza nambala imeneyo, ndipo ndi ndalama zambiridi kwa khonsolo imodzi. Koma mkangano sunali pa kuchuluka kwa ndalama, unali pa amene adzalowe ntchito ikatha. Denga linafoleredwanso ndi matailosi a dothi ofanana ndi oyamba, n'kuikapo mapanelo a magetsi a dzuwa. Mabwalo awiri aja anakonzedwa kukhala malo opumira ndi ochitira zikondwerero, ndipo anatsegula njira yodutsa pakati pa nyumbayo kuchokera kumsewu kukafika kugombe. Muli zipinda zoimbira ndi kujambulira nyimbo, chipinda choumbira, malo oonetsera zithunzi, situdiyo ya wailesi ya m'deralo, ndi chipinda chofotokoza mbiri ya Bondi. Zimbudzi, mabafa ndi malo ovulira zilipobe, zatsopano. Malesitilanti nawo alipo, ndipo lendi yawo imathandiza kuyendetsa nyumbayo, koma ali pansi. Bwalo la zisudzo linatsala m'mwamba, pamalo a holo ya dansi, ndipo chipinda cham'mwamba ndi khonde lake zili m'manja mwa khonsolo ya Waverley.